Kuphunzitsa ndi Zida za pa Intaneti mu Blantyre: Chiti Chikukwana Kalasi Yanu?

Kuyambira mu 2020, ana a sukulu mu Blantyre akhala pakhomo kangapo konse pa nthawi imene amayenera kukhala m'kalasi. Pa 23 Malichi chaka chimenecho boma linatseka sukulu zonse chifukwa cha Covid-19, ndipo makalasi olemba mayeso ndi amene anayamba kubwerera mu Sepitembala. Mu Januwale 2023 kolera anachedwetsa kutsegulira sukulu mu Blantyre ndi Lilongwe. Tisanapume n'komwe, mu Malichi namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche, makalasi ena n'kusanduka malo ogona anthu osowa pokhala. N'chifukwa chake masiku ano msonkhano wa aphunzitsi sutha popanda wina kunena kuti nafenso tiyambe kuphunzitsa pa intaneti. Mayina amatchulidwa ambirimbiri: Google Classroom, Zoom, Kahoot!, Moodle, Padlet. Ena anawamva ku maphunziro a aphunzitsi, ena anawaonera kwa mwana wawo wa ku MUBAS.

Ine ndimaphunzitsa sayansi pa sukulu ina yoyendera mumzinda muno, ndipo zida zimenezi ndimazifuna ndi mtima wonse, chifukwa m'kalasi ya ana 80 choko chokha sichingakuthandize kumva maganizo a mwana aliyense. Koma posankha, funso langa loyamba ndi ili: mwana amene kwawo kulibe foni yamakono, kapena ilipo koma ndi ya bambo ake amene amaweruka usiku ku Makata, kodi naye ayankha nawo? Pansi pa funsoli pali foni, pali bandulo, pali magetsi. Palinso china chimene timachiiwala kawirikawiri. Chida chizipatsa mwana chochita: ayankhe, alembe, atsutse mnzake, akonze pamene analakwa. Chida chongotumizira manotsi sichinasinthe kanthu, ntchito imeneyo makina a fotokope amaigwira kale.

WhatsApp: imene ili kale m'manja mwa anthu

Tiyambe ndi WhatsApp chifukwa ndi yokhayo imene simuyenera kuphunzitsa munthu. Mayi wogulitsa tomato mumsika wa Ndirande amaidziwa, agogo a ku Bangwe amadziwa kumvera mawu otumizidwa ngakhale kuwerenga kumawavuta. Airtel ndi TNM onse amagulitsa mabandulo a WhatsApp yokha, otsika mtengo kuposa bandulo ya intaneti yonse, ndipo m'nyumba zambiri imeneyo ndiyo bandulo yokhayo imene imagulidwa. Gulupu imodzi imalola anthu mpaka 1,024, kotero fomu yonse ikwanamo popanda vuto. Uthenga umadikira: mwana amene foni yafika pakhomo 8 koloko usiku apeza zonse zimene zinatumizidwa masana, ndipo netiweki ikabwerera zimene analemba zimapita zokha.

Mphamvu yake yeniyeni ili pa mawu ojambulidwa ndi zithunzi. Mphunzitsi amatha kulemba samu pa pepala, kuijambula, n'kufotokoza ndi pakamwa kwa mphindi ziwiri, kusakaniza Chingerezi ndi Chichewa monga amachitira m'kalasi. Mwana amamvera kawiri, katatu, mpaka zitalowa. Nayenso amalemba m'kope mwake, n'kujambula tsambalo, n'kutumiza. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti ana ena amene m'kalasi sakweza mkono chaka chonse, pa gulupu amalankhula. Mtsikana wina wa Fomu 3, wachete kwambiri, anatumiza chithunzi cha samu ya mnzake atazunguliza ndi bolopeni yofiira pamene panasowa chizindikiro chochotsera, pansi pake n'kulemba kuti "apa ndi pamene pathawira yankho". Kumeneko ndiye kuphunzira limodzi kumene tikufuna.

Zovuta zake nazo si zochepa. Gulupu yosasamalidwa imafanana ndi msika wa Limbe Loweruka m'mawa: zonse zilimo, koma kuti mupeze chimene mukufuna, thukuta lituluke. Homuweki ya Lolemba imakwiririka ndi moni, mavesi, nkhani za mpira ndi mauthenga a maliro. Njira yake ndi kukhala ndi magulupu awiri. Ina ikhale yotseka, yoti aphunzitsi okha ndiwo amalemba, mmene mumapita manotsi ndi ntchito. Inayo ikhale ya zokambirana, ndipo ndi bwino kuigawa m'timagulu ta ana khumi kapena khumi ndi awiri, motsatira timagulu towerengera limodzi timene tilipo kale pa sukulu, kali konse ndi mtsogoleri wake. WhatsApp ilinso ndi njira yovotera, imene inabwera mu 2022, koma musaidalire poyesa ana, chifukwa aliyense amatha kuona amene wasankha yankho lakuti, ndiye ofooka amangodikira kuti wanzeru wa m'kalasi avote kaye.

Kuchonga ndi mtolo wina. Zithunzi 80 za makope, zina zamdima, zina zopendekeka, zonse pa kafoni kamodzi, ndipo palibe pamene malikisi amadzilemba okha. Foni imadzaza msanga.

Nkhani imene sindifuna kuti tiichepetse ndi ya chitetezo cha ana, makamaka atsikana. Pa gulupu nambala ya aliyense imaonekera kwa onse. Mnyamata, kapena munthu wamkulu amene walowa ndi linki yongofalitsidwa, amatha kuyamba kulembera mwana wamkazi kumbali. Tinene mosabisa, mphunzitsi wamwamuna naye sayenera kumalemberana ndi wophunzira payekha usiku, ngakhale nkhaniyo ikhale ya sukulu. Gulupu iliyonse ikhale ndi aphunzitsi awiri oiyang'anira, mmodzi wamkazi, komanso kholo limodzi la mu komiti ya PTA. Linki isamayende mwachisawawa, woyang'anira azilowetsa yekha manambala odziwika. Malamulo a WhatsApp omwe amati wogwiritsa ntchito akhale wa zaka 13 kapena kuposa, kotero ku pulayimale gulupu ndi ya makolo, osati ya ana.

Google Forms, mnzake wa WhatsApp

Pamene WhatsApp imalephera pa kuchonga, Google Forms imathandiza. Mumalemba mafunso, mumauza fomuyo mayankho olondola, mumatumiza linki pa gulupu. Mwana akamaliza, malikisi amatuluka okha, ndipo inu mumaona mafunso amene alakwitsa ambiri. Mukaona kuti theka la kalasi lagwa pa funso la nambala 6, mwadziwa poyambira mawa. Ndi yaulere, ndipo woyankha safunika akaunti ya Google, pokhapokha mutatchera kuti aliyense ayankhe kamodzi kokha kapena atumize chithunzi. Apa samalani: kumene ana atatu akubwerekana foni imodzi, lamulo la kuyankha kamodzi limatsekera awiri kunja. Ndi bwino kulisiya, n'kuika funso loyamba lofunsa dzina ndi kalasi.

Chopinga chake n'chakuti bandulo ya WhatsApp yokha sitsegula linki imeneyi. Fomu ya mawu okhaokha sidya zambiri, koma pafunikabe bandulo ya intaneti, ngakhale yaing'ono ya tsiku limodzi. Choncho perekani masiku atatu kapena anayi oyankhira, kuphatikizapo Loweruka ndi Lamlungu, ndipo mafunso omwewo akhalenso pa bolodi kapena pa pepala kwa amene sangakwanitse. Malikisi a pa fomu asalowe mu lipoti la teremu, chifukwa simudziwa ngati wayankha ndi mwanayo kapena mkulu wake wa ku koleji.

Google Classroom ndi kulembera limodzi

Google Classroom inayamba mu 2014, ndipo inapangidwira ntchito ya m'kalasi yeniyeniyo. Zonse zimene zimabalalika pa WhatsApp, kuno zili m'malo mwake. Ntchito iliyonse ili ndi mutu wake ndi tsiku lomaliza kupereka. Mphunzitsi amaona amene apereka, amene achedwa ndi amene sanayambe. Ndemanga imapita kwa mwana yekhayo, anzake osaiona, ndipo malikisi amasungika. Ana amalowa ndi kachinsinsi ka kalasi, manambala a foni saonekera kwa wina aliyense. Kwa mphunzitsi amene watopa ndi kusakasaka zithunzi za makope, kuona dongosolo limeneli koyamba kumakhazika mtima pansi.

Koma polowera pake ndi popapatiza. Mwana aliyense afunika akaunti yake ya Google, ndi imelo ndi pasiwedi zimene ayenera kukumbukira. Pa foni yobwerekana, akaunti ya bambo ndi ya mwana zimasokonezana, ntchito n'kupita m'dzina lolakwika. Pulogalamuyo, pamodzi ndi Docs yolembera ndi Drive yosungira mafayilo, imafuna malo pa foni, ndipo mafoni otchipa amene ali ambiri m'makomo mwathu amakhala atadzaza kale. Bandulo yake ndi ya intaneti yonse. Palinso mfundo imene ambiri saidziwa: mukamatsegula kalasi ndi Gmail yanu wamba, Google imakufunsani kuti mutsimikize kuti simukuigwiritsa ntchito pa sukulu ndi ophunzira. Njira yovomerezeka ndi yakuti sukulu ilembetse ku Google Workspace for Education. Gawo lake loyambira ndi laulere kwa sukulu zovomerezeka, koma pafunika kuti sukuluyo ikhale ndi adiresi yakeyake ya pa intaneti, ndi munthu woyang'anira maakaunti. Kwa sukulu yoyima payokha ya ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe, imeneyi ndi ntchito yochepa. Kwa sukulu yoyendera imene ngakhale kompyuta ya mu ofesi ya ahedi imayaka mwa apo ndi apo, ndi phiri.

Chimene ndimachisirira kwambiri m'banja la Google ndi Docs. Ana asanu amalemba lipoti limodzi pa tsamba limodzi, aliyense ali kwawo, ndipo mbiri ya tsambalo imaonetsa amene analemba ndime iti. Aliyense amene anaperekapo ntchito ya pagulu akudziwa vuto lake, kuti mmodzi amagwira, anayi n'kungolembetsa mayina. Apa bodza limavuta. Komabe kulemba ndime zitalizitali pa kafoni ndi chintchito, ndiye Docs imakoma kumene kuli makompyuta. Padlet, imene ili ngati khoma lomatapo timapepala ta maganizo, ndi yopepukirapo ndipo ana amatha kulembapo popanda akaunti, koma yaulere imangokupatsani makoma atatu.

Microsoft Teams imagwira ntchito yofanana ndi Classroom, nayonso imafuna kuti sukulu ilembetse, ndipo pa mafoni ang'onoang'ono ndi yolemera kwambiri. Ngati sukulu yanu siinayambe kale ndi Microsoft, sindikuona chifukwa choyambira kumeneko. Moodle, pulogalamu yoikamo maphunziro, ntchito ndi mayeso, ndi nkhani ina. Anaiyambitsa Martin Dougiamas wa ku Australia, inatuluka mu 2002, ndipo ndi imene mayunivesite ambiri pa dziko lapansi amagwiritsa ntchito. Pulogalamuyo ndi yaulere ndipo zonse zimakhala m'manja mwa sukulu. Pa foni, wophunzira amatha kudawuniloda phunziro ali pa Wi-Fi, n'kukawerengera kunyumba popanda intaneti. Koma imafuna seva, kompyuta yosunga zonse, ndi katswiri woisamalira tsiku ndi tsiku. Ndi ya makoleji, kapena gulu la sukulu zingapo zimene zasonkherana kulemba ntchito munthu wa makompyuta. Mphunzitsi mmodzi asaisenze yekha.

Zoom ndi Google Meet

Izi, zolankhulirana mukuonana pa kanema, ndi zimene anthu amaganiza poyamba akamva za kuphunzira pa intaneti, koma kwa ine zili kumapeto kwa mzere. Zoom yaulere imalola anthu 100 kwa mphindi 40, Meet imalola ola limodzi. Mphindi 40 ndi piriyodi yathunthu ya ku sekondale, koma khumi zoyamba zimathera pa "mukundimva?" ndi "sir, mawu akudukaduka". Kanema wa ola limodzi amadya ma MB mazanamazana, ndipo ndalama imeneyo imachoka m'thumba la kholo lililonse palokhapalokha. Choipitsitsa n'chakuti aliyense ayenera kupezeka nthawi imodzi, ali ndi foni yotchaja, netiweki yabwino ndi malo achete. Magetsi akazima ku Chirimba pamene ku Chilomoni akuyaka, theka la kalasi latsala, ndipo phunzirolo ladutsa.

Pamene zimathandiza ndi pa aphunzitsi okhaokha, monga kukonzekera mayeso a moko a sukulu zingapo, kapena poitana mlendo. Dokotala kapena injiniya amene sangapeze nthawi yobwera ku sukulu amatha kulankhula ndi kalasi yonse kudzera pa laputopu imodzi ndi sipika. Bandulo ndi imodzi, ana onse amva.

Kahoot! ndi Wayground

Kahoot! inachokera ku Norway mu 2013, ndipo imasandutsa mafunso kukhala mpikisano. Funso limaoneka pa sikirini yaikulu, ana amadina mayankho pa mafoni awo, nyimbo ikulira, mayina a otsogola akusinthasintha. Ana amaikonda zedi, ndipo kalasi yogona imadzuka. Koma onani zimene ikufuna: pulojekita kapena TV, magetsi, intaneti yosadukiza, ndi mafoni m'manja mwa ana, pamene sukulu zambiri za sekondale sizilola ana kubwera ndi foni. Mapointi amatengeranso changu, kotero mwana amene netiweki yake ikuchedwa amagonja ngakhale akudziwa, ndipo woganiza mofatsa amaluza kwa wongolotera. Ndiponso yaulere imaika malire pa chiwerengero cha osewera. Ngati sukulu ili ndi matabuleti ochepa, sewerani m'matimu, tabuleti imodzi pa gulu, ndipo muziigwiritsa ntchito pobwereza zimene mwaphunzitsa kale, osati poyesa.

Quizizz, imene inasintha dzina kukhala Wayground mu 2025, ndi yofatsirapo. Mafunso amaoneka pa foni ya mwana, aliyense amayenda pa liwiro lake, ndipo mutha kuipereka ngati homuweki. Pa ziwirizi, imeneyi ndi imene ikugwirizana ndi moyo wathu kuno.

Plickers: foni imodzi, kalasi yonse

Apa ndiye ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa chida ichi chimayankha funso langa lija mwachindunji, koma aphunzitsi ambiri sanachimvepo. Ndi Plickers ana safunika foni. Mwana aliyense amalandira khadi la pepala lokhala ndi chithunzi chakuda cha makona anayi, chosiyana ndi cha mnzake aliyense. M'mbali zinayi za chithunzicho muli timalemba ting'onoting'ono, A, B, C ndi D. Mphunzitsi amalemba funso pa bolodi ndi mayankho anayi. Mwana amatembenuza khadi kuti lemba limene wasankha likhale pamwamba, n'kulikweza. Mphunzitsi amayendetsa kamera ya foni yake kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo mayina amayamba kutuluka pa sikirini, olondola mtundu wina, olakwa mtundu wina. Pasanathe mphindi, mwadziwa maganizo a kalasi yonse.

Taganizirani funso ili mu Fomu 2: mababu awiri alumikizidwa motsatizana pa waya mmodzi, limodzi lapsa, linalo litani? Mukafunsa mwa masiku onse, manja asanu omwe aja amakwera, mmodzi ayankha bwino, inu n'kunena kuti "tonse tamva?", kalasi n'kuvomera chamumtima, phunziro n'kupitirira. Ndi makadi, mumaona kuti ana ambiri a kumbuyo asankha zoti babu linalo liwala kwambiri chifukwa magetsi onse apita kwa ilo. Maganizo amenewo ali ndi nzeru yake, ndipo mukanapanda kuwaona akanapita nawo mpaka ku JCE. Musawauze yankho msanga. Auzeni kuti aliyense apeze mnzake amene wasankha zosiyana, akambirane kwa mphindi ziwiri, kenako akwezenso makadi. Phokoso limene limabuka pamenepo ndi la ana amene akutsutsana za sayansi, ndipo kachiwiriko mayankho ambiri amakhala atasintha. Chifukwa timalemba tija ndi tating'ono ndipo zithunzi n'zosiyana, palibe amene angaonere kwa mnzake, komanso palibe wochita manyazi kuti walakwa pagulu.

Mtengo wake ndi mapepala osindikiza kamodzi ndi bandulo yaing'ono pa foni ya mphunzitsi. Makadi amadawunilodidwa ulere. Amateni pa katoni kuti alimbe, kapena kuchikuto cha kope la mwana kuti asasowe. Musawakute ndi pulasitiki yonyezimira, chifukwa kuwala kochokera pa windo kumasokoneza kamera. Kwa okhala kumbuyo sindikizani makadi akuluakulu, ndipo m'kalasi yamdima muyenera kuyenda pakati pa madesiki.

Malire ake ndi awa. Makadi amathera pa 63, pamene makalasi athu ambiri amaposa pamenepo. Njira yake ndi kupereka khadi limodzi kwa ana awiri, agwirizane kaye asanakweze, ndipo ine ndimaona kuti zimenezi zimawonjezera kukambirana. Yaulere imalola mafunso asanu pa mpukutu umodzi, koma pa piriyodi imodzi mafunso atatu abwino ndi okwana. Kulowetsa mayina a ana koyamba kumafuna kompyuta ndi madzulo amodzi odekha. Foni ya mphunzitsi ifunika intaneti ndi kamera yooneka bwino. Ndipo mayankho ndi osankha okhaokha, kotero Plickers singakuuzeni ngati mwana amatha kulemba chimangirizo kapena kuonetsa njira ya samu. Ntchito yovuta imakhala pa kupeka funso limene mayankho ake olakwa akuchokera ku zolakwa zenizeni za ana. Funso lophweka limangokupatsani makadi onse olondola, osaphunzirapo kanthu. Wayground nayo ili ndi njira ya makadi a pepala yofanana ndi imeneyi, kwa amene akufuna zonse pamalo amodzi.

Kolibri: intaneti ya m'kati mwa mpanda wa sukulu

Sukulu zina mu Blantyre zili ndi chipinda cha makompyuta chimene anapereka abwenzi akufuna kwabwino, koma chimakhala chokhoma chifukwa palibe ndalama ya intaneti mwezi ndi mwezi. Kwa sukulu zotere, Kolibri ndiyo yankho. Anaipanga a bungwe la Learning Equality, ndi yaulere, ndipo inapangidwira malo opanda intaneti. Mumaiika pa laputopu imodzi, kapena pa kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi, mumadawuniloda maphunziro kamodzi kokha kumene kuli intaneti yabwino kapena kukopera pa fulashi, kenako mumalumikiza ndi rauta wamba, kabokosi kofalitsa Wi-Fi. Makompyuta, matabuleti ndi mafoni onse amene ali pafupi amalowa kudzera pa Wi-Fi imeneyo popanda kudya bandulo ngakhale pang'ono. Mphunzitsi amapanga makalasi, amasankha maphunziro, amapereka mafunso, ndipo amaona mwana amene wakakamira pa mutu wakuti.

M'kati mwake mutha kuikamo makanema ndi masamu a Khan Academy, ndiponso zoyeserera za PhET zochokera ku University of Colorado Boulder, zimene anayambitsa Carl Wieman, katswiri wa fizikisi amene analandira mphoto ya Nobel. Pa sukulu yopanda labu, PhET ndi chuma. Mwana amakoka batire, waya ndi mababu pa sikirini, n'kulumikiza yekha. Akachotsa babu limodzi amaona linalo likuzima, akalumikiza molakwika batire imayaka moto pa sikirinipo, anzake n'kufuula. Funso la makadi lija limapeza yankho lake pamaso pawo. Zoyesererazi zimathekanso kuzidawuniloda pazokha n'kuzionetsa pa laputopu imodzi, ana akubwera m'magulu. Koma tisanamizane, pa mayeso a MSCE mwana amagwira zipangizo zenizeni ndi manja, ndiye sikirini isatipangitse kusiya kumenyera labu.

Zovuta za Kolibri ndi ziwiri zikuluzikulu. Choyamba, zambiri zili m'Chingerezi cha kunja ndipo sizinasanjidwe motsatira silabasi yathu. Pafunika aphunzitsi a phunziro lililonse akhale pansi, asankhe zogwirizana ndi sikimu yawo, n'kuwonjezera manotsi awo ndi mapepala a mayeso akale. Akapanda kutero, ana amangoyendayenda m'makanema. Chachiwiri, pafunika munthu mmodzi wodzipereka wosunga kiyi, kutchaja zida ndi kukonza zikavuta, ndipo akasamutsidwa, wina akhale ataphunzira kale. Magetsi ndi nkhani yokonzekeratu. Tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira kuwonongeka kwa Kapichira ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022. Ubwino wake, Raspberry Pi ndi rauta sizidya moto wambiri, sola yaing'ono ndi batire zimakwanitsa. Ndipo Kolibri yoikidwa motere imathera pa geti la sukulu, mwana akapita kwawo saipeza.

Ku pulayimale, pulogalamu ya boma ya BEFIT, imene inayamba mu 2023, ikuyenda pa mfundo yomweyi. Ana a Sitandade 1 mpaka 4 amaphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti okhala ndi maphunziro a bungwe la onebillion m'Chichewa, otchajidwa ndi sola, osafuna intaneti pophunzira. Imeneyo mphunzitsi sachita kusankha yekha, imafika kudzera ku unduna.

Ndiye titenge chiti?

Kwa sukulu yoyendera ya ku Ndirande, Bangwe kapena Machinjiri, ine ndingayambe ndi Plickers m'kalasi, chifukwa mtolo wa bandulo uli pa foni imodzi ndipo mwana aliyense ayankha. Sukulu igule bandulo imeneyo, isachoke pa malipiro a mphunzitsi. Kunyumba, WhatsApp yokhala ndi malamulo, Google Forms mwa apo ndi apo, ndipo chili chonse chotumizidwa pa foni chizipezekanso pa bolodi m'mawa mwake. Kumene kuli makompyuta ongokhala, Kolibri. Sukulu imene makolo onse ali ndi mafoni ndi Wi-Fi ipite ku Google Classroom mwa njira yovomerezeka, ndipo idzapindula kwambiri ndi Docs. Makoleji, Moodle. Sukulu zikadzatsekedwanso mwadzidzidzi, musathamangire Zoom. Mawu ojambulidwa pa WhatsApp, mapepala osindikiza oti makolo adzatenge ku sukulu, ndi maphunziro a pa wailesi monga tinazolowera ndi Tikwere pa MBC, zimafika kutali kuposa kanema.

Chili chonse chimene mwasankha, mafunso ndi manotsi anu muzisunganso pa fulashi kapena pa kompyuta yanu. Zida zaulere zimatha kutsekedwa eni ake akafuna. Edmodo, imene aphunzitsi ambiri pa dziko lapansi ankaidalira, inatsekedwa mu 2022, ndipo Google inathetsa Jamboard kumapeto kwa 2024. Kumbukiraninso kuti mayina, zithunzi ndi malikisi a ana si zanu zoti muzingoika pali ponse. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, ndipo ngakhale pakanapanda lamulo, makolo ayenera kufunsidwa kaye pa msonkhano wa PTA. Pa Plickers ndi Kahoot! dzina loyamba kapena nambala ya mu rejisitala n'zokwanira.

Musanatsegule akaunti ili yonse, dziwani kaye mafoni amene alipo m'makomo mwa ana anu. Musafunse pokweza manja, chifukwa mwana wa Fomu 1 sangavomere pamaso pa anzake kuti kwawo kuli ya mabatani yokha, akweza mkono basi, inu n'kuwerenga zabodza. Apatseni timapepala, aliyense alembe payekha: foni ilipo ya mtundu wanji, ndi ya ndani, imakhala pakhomo nthawi yanji, bandulo imene imagulidwa ndi iti, ndipo amatchaja kuti. Funsaninso atsikana ngati amaloledwa kuigwira mofanana ndi alongo awo, chifukwa m'nyumba zina foni imapita kwa mnyamata pamene mtsikana ali ku moto. Timapepalato mukatiwerenge ndi ahedi ndi aphunzitsi anzanu a fomu imeneyo, ndipo kafukufukuyu muzimubwereza chaka chili chonse ana atsopano akafika.